Madzi a Mbatata Amene Simunataye

Alamu, ndinu. Ndiyambire pomwepo kuti musavutike kufufuza m'munsimu. Ndinu amene munandidyetsa madzi omwe ndinakuuzani ndi pakamwa pangapa kuti mutaye, ndipo ndinunso amene munabisa zoona pamene mwana wanga ankandikalipira ndili gone m'chipatala, mapaipi ali pamkono. Foni yanga simukuyankha, ndiye ndalemba. Sukulu sindinapite nayo patali, koma izi muzimva.

Impso zanga zinasiya ntchito chaka chomwe tinaika mlongo wanu, mwamuna wanga, m'manda. Anthu ankabwera kudzandiona ngati akudzatsanzika. Sindinafe. Ndinaphunzira kukhala ndi makina osefa magazi. Katatu pa sabata ndimakakhala pa mpando uja, magazi akutuluka, akusefedwa, akubwerera, ine ndikukangana za mpira ndi bambo wina wopuma ntchito ya njanji amene mpando wake uli pafupi ndi wanga. Mawa lake ndimatsegula kashopu kanga ka ulusi ndi mabatani. Sindine wodwala wogona, alamu. Ndine mayi amene impso zake zili ku chipatala, basi.

Malamulo ndimawadziwa kuposa Atate Wathu. Madzi ndi botolo limodzi patsiku, tiyi ndi msuzi zili momwemo. Kukatentha ndimayamwa kachidutswa ka ayezi ngati switi. Nthochi ndi mapeyala tinasiyana mwamtendere. Nesi wa magalasi, yemwe amandibaya singano, anandikhazika pansi tsiku loyamba n'kunena kuti, "Amayi, m'zakudya muli mchere wina wosamveka palilime, dzina lake potaziyamu. Munthu wa impso zabwino amaukodza. Inu ukachuluka umangokhala m'magazi, kenako n'kukaimitsa mtima. Mbatata ndi masamba muzidula timagawo ting'onoting'ono, muziwiritsa m'madzi ambiri, madziwo muzitaya. Kutaya, amayi. Osati kusungira mawa."

Ndakhala ndikutaya kuyambira tsiku limenelo.

Mwana wanga wamkulu mukumudziwa, mwana wa mlongo wanu, amene tonse timamutcha Sajeni ngakhale ntchito yake ndi yokonza mafiriji. Iyeyo ndiye amanditenga pa galimoto yake kupita ku makina ndi kukanditenganso, chifukwa ndikatsika pa mpando uja miyendo imakhala ya eni. Ndi mwana wabwino, koma mbale yanga amaisecha ngati chikwama cha wakuba. Mlongo wake atabereka kutali kwanuko, ine n'kunena kuti ndikupita kukaona mdzukulu, Sajeni anaika sipanala pansi.

"Amayi, kunja kukutentha chonchi? Mukufuna mukafere m'basi?"

"Ndikafera m'basi sukavutika ndi mayendedwe a maliro, ndikakhala ndili kale panjira."

"Sindikuseka."

"Nanga ine ndikuseka? Nesi waimba kale foni ku chipatala cha kumeneko. Mpando wanga ulipo Lolemba m'mawa. Ndikagona kwa azakhali ako, poti mlongo wako chipinda n'chimodzi."

Atamva dzina lanu ndi pamene anafewa. "Kwa azakhali ndiye bola," anatero. "Amene aja ndi osamala." Kenako anandiloza ndi chala chamafuta. "Koma mukakabwera mutadwala, amayi, ulendo umenewu ndi womaliza. Tagwirizana?"

Ndinavomera, poti ndinkadzidalira.

Ndinasefedwa magazi Lachisanu, Loweruka ndinalawirira basi dzuwa lisanakwiye. Ndinakhala pawindo kuti mkono wakumanzere usapanikizike ndi munthu. Mkono umenewu ndi moyo wanga. Madokotala analumikiza mitsempha mkatimo, ndipo ukaugwira umanjenjemera ngati foni ya m'thumba. Mapiritsi anali m'kachikwama ka pamiyendo, osati m'katundu. Anzanga ankagula zakumwa zozizira pa siteji iliyonse, akumeza mpaka kukhosi kukulira, ine ndikungonyowetsa milomo. Dzuwa linaswa mtengo, mipando inatentha ngati chiwaya, koma ndinatsika basi ija ndi theka la botolo langa. Theka, alamu! Munaliona ndi maso anu, mpaka munati, "Koma inu ndinu ngamila."

Mdzukulu ndinamunyamula masana omwewo. Mphuno ya agogo ake aamuna yeniyeni, yotambalala, ya mlongo wanu uja. Tinaseka tonse awiri, kenako tinalira tonse awiri. Ndinkati ndafika kwa m'bale.

Ndiye tinalowa m'khitchini mwanu muja, mwa makatani achikasu ndi firiji yolira ngati thirakitala. Ndinasenda mbatata zanga, ndinadula, ndinawiritsa pamodzi ndi masamba m'poto wanu wamkulu. Nditanyamula kuti ndikhuthule m'sinki munandigwira dzanja.

"Alamu, mukutani? Mphamvu yonse ili m'madzimo! N'chifukwa chake mwauma chonchi, mukudya zinyalala n'kumataya chakudya."

"Mphamvu imeneyo ndiye imapha ine. Siyani nditaye."

"Ndani anakuuzani? Anesi a masiku ano, ana obadwa dzulodzuloli?"

Ndinakufotokozerani zonse, za mchere wosamveka uja, za mtima. Munagwedeza mutu ngati mwamva. Kenako munati, "Chabwino. Poto ndi wolemera, musapweteke mkono. Pitani mukakhale ndi mdzukulu, nditaya ndine."

Ndinakuthokozani. Mpaka lero ndimakumbukira kuti ndinakuthokozani.

Mpunga wa madzulo amenewo unali wokoma modabwitsa, wamtundu wobiriwirako. Ndinafunsa kuti mwathiramo chiyani. Munati, "Chikondi basi." Msuzi wa nkhuku wa Lamlungu masana unali wokhathamira, ndipo munandithirira ndi dzanja lanu, kawiri. Ine ndinkawerengera madzi ake okha, n'kuchepetsa tiyi. Za mchere uja sindinaganize, poti ndinkati unapita kale m'sinki.

Titatha kudya mwana wanga wamkazi anabwera ndi khanda, n'kundipatsa, iye n'kupita kukachapa matewera kuseri. Ndinaimirira pakhonde ndikumugwedeza. Poyamba ndinamva milomo ikuchita dzanzi, ngati nyerere zikuyendapo. Ndinati ndi kutentha. Kenako miyendo inalemera ngati athiramo simenti. Ndinafuna kubwerera pa mpando, phazi linakana kunyamuka. Mtima unagunda, unaima ngati ukuganiza, unagundanso.

Ndiye manja anayamba kumasuka okha.

Alamu, mwanayo ankatsetsereka. Ndinkamuona akutsika pachifuwa panga pang'onopang'ono, kamutu kakupendekeka, pansi pali simenti. Ndinauza zala zanga kuti gwirani, zala sizinamve. Ndinamupanikiza ndi chibwano n'kukuwa.

"Tengani mwana! Tengani mwanayu!"

Munatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja, n'kumuwakha atafika kale pamimba. Pamenepo ndikuvomera, munathamanga. Ine ndinagwa ngati thumba la makala.

Mwana wanga wamkazi anatsala ndi khanda akulira. Inu ndi woyendetsa takisi wa pafupi nanu munandinyamula n'kundigoneka kumbuyo, mutu wanga pamiyendo panu. M'galimotomo munali ngati mu uvuni. Pa mphambano ya kumsika tinapeza lole itafera pakati pa msewu, magalimoto ali ndondondo, ma hutala akulira. Woyendetsa anatulutsa mutu pawindo.

"Patukani! Muli munthu akufa muno!"

"Sindikufa," ndinatero, koma lilime linali lolemera. "Iwe yendetsa."

"Agogo, ndiyendetse pamwamba pa anzanga?"

"Pansi pawo ngati ungathe."

Inu munatulutsa botolo la madzi n'kuliika pamlomo panga. Ndinalikankha ndi chipumi, poti manja analibe ntchito. Ndinkamvetsera mtima wanga ngati munthu womvetsera mapazi a wakuba panja. Gu. Zii. Zii. Gu. Pakati pa kugunda kuwiri ndinkaona nkhope ya Sajeni, ndi chala chake chamafuta chija.

M'menemo ndi momwe munawerama, misozi yanu ikundigwera pa tsaya, n'kunong'ona.

"Alamu, ndikhululukireni. Madzi aja sindinataye. Ndinawawiritsanso kuti atsale amphamvu okhaokha, ndinaphikira mpunga, otsala ndinathira mu msuzi. Ndimangofuna munenepeko. Mwauma kwambiri, alamu."

Ndikanakhala ndi manja tsiku limenelo, bwenzi pano tikukamba nkhani ina.

Woyendetsa anakwera m'mbali mwa msewu, anagwetsa tebulo la wogulitsa nsapato, tinadutsa. Ku chipatala ndinangoti, "Makina. Potaziyamu." Dokotala wachitsikana anayang'ana mizere ya mtima wanga pa kanema, anasiya kumwetulira, n'kuyamba kuitana anzake ndi mawu okweza. Anandibaya mankhwala, anandithamangitsira ku makina amene ndinayenera kuwaona Lolemba. Magazi atayamba kuzungulira, zala zinabwerera chimodzichimodzi. Choyamba chimene ndinachita ndi kugwira mkono wanga. Unkanjenjemerabe. Ndinati, zikomo, foni yanga ikadali ndi moto.

Sajeni anafika mawa lake ali ndi ovololo ya kuntchito, maso ali psuu. Sanandipatse moni.

"Mwadya chiyani, amayi?"

"Funsa azakhali ako."

"Ndikufunsa inu. Dokotala akuti zinali zodya. Nthochi za pa siteji eti? Munati palibe akukuonani?"

"Sindinakhudze nthochi. Azakhali ako anaphikira madzi a mbatata amene ndinawauza kuti ataye. Anandiuza okha m'takisi."

Anatembenukira kwa inu. Munali pa mpando wa pakona, chikwama chili pamiyendo, mutachigwira ndi manja awiri. "Azakhali, ndi zoona?"

Ndinkakuyang'anani, alamu. Mawu amodzi okha. Munayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Mwanawe, amayi ako anali kubwebweta m'galimoto muja. Kutentha kunali koopsa. Ulendo wautali chonchi si wa munthu wodwala."

Sajeni anapuma mpweya wautali. "Mwamva, amayi? Mpaka kunamizira azakhali, munthu amene wakupulumutsani."

Woyendetsa takisi sanamve kanthu, ankalimbana ndi hutala. Mwana wanga wamkazi anatsala kunyumba ndi khanda. Mboni ndinu nokha, ndipo mboniyo ndi wakuba yemwe.

Pano ndili kunyumba. Chikwama changa cha ulendo Sajeni anachiponya pamwamba pa wadirobu, podziwa kuti sindingakwere pa mpando. Mbale amaisecha kawiri tsopano. Ndikabwera ku shopu amandinunkhiza m'kamwa ngati mwana wosuta. Anandiuza maso ndi maso kuti ndikangokweranso basi, ndipeze wina wondiperekeza ku makina, iye sangamathamangitse galimoto kukatola mtembo wa munthu wosamva. Ananena akulira. Sindimuda. Akuopa kuika kholo lachiwiri, ndipo akukhulupirira kuti chinandigwetsa ndi ulendo komanso dyera langa.

Ulendo sunandigwetse. Basi ndinaigonjetsa ndi theka la botolo. Nesi wa magalasi akuti anzanga ambiri amayenda, akuti mpando akhoza kundipezeranso tsiku lililonse ndingafune. Mdzukulu wanga wayamba kukhala pansi yekha, ndimamuonera pa foni ngati mwana wa eni. Chimene amadziwa cha agogo ake n'chakuti anatsala pang'ono kumugwetsa.

Za madzi ndikhoza kukhululuka. Munali mbuli yachikondi, ndipo mbuli zachikondi zadzaza manda. Koma kundisandutsa wamisala pamaso pa mwana wanga kuti inu mukhalebe azakhali osamala, chimenecho ndiye ayi.

Sajeni amatseka shopu yake dzuwa likapendeka, ndipo foni yake sazimitsa. Nambala muli nayo. Mumuuze mawu omwe aja munandinong'oneza m'takisi, osachotsa, osathira shuga, kuti anditsitsire chikwama changa. Mukalephera pa foni, kwerani basi yomweyo ndinakwera ine, mudzanene muli chiimire pabalaza panga. Ndidzakuphikirani mbatata, madzi ake mudzamwa ndinu.

Ndiye ndiyankheni, alamu. Mumuimbira, kapena mukudikira kuti mudzanene pa maliro anga?