Pozitivu wa Amake Prisca

Amene anayatsa moto wonsewu ndi Filimoni, mlongo wake wa Elina, mimba imodzi.

Elina, amake Prisca, anachotsedwa bere lakumanzere chifukwa cha khansa, ndipo kanyama ka chotupacho anakatumiza ku Lusaka kukapima. Mwamuna wake anamwalira kalekale, Prisca anakwatiwa ku Vubwi, choncho tsiku lokamva zotsatira ku Katete anamukweza pa njinga yamoto ndi Filimoni. M'malo modikira pabenchi ngati munthu, bambo wamkuluyo anakaima pachitseko, khutu tcheru.

Dokotala, mtsikana wa magalasi, anafotokoza bwinobwino. Anati m'magazi a mkazi mumayenda amithenga otchedwa mahomoni. Khansa ina ili ndi timakutu tomvera amithengawo, ndipo ikamva imakula. Ina ilibe.

"Yanu, amayi, ili nato timakutu. Yapezeka pozitivu, ndipo ndi nkhani yabwino, chifukwa piritsi ili limatseka timakutu timeneto. Ngati patsala kambewu kake m'thupi, sikamvanso kuitana. Muzimwa tsiku lililonse, osadumphitsa."

Elina anatuluka mtima uli m'malo. Koma pachitseko paja panadutsa mawu awiri okha: pozitivu, ndi piritsi tsiku lililonse.

Sabata isanathe, mudzi wonse mpaka pamsika wa Sinda unali utadziwa kuti amake Prisca ali ndi kachilombo. Pamjigo amayi ankamupatsa moni wa pamaliro. Ku ganyu yotola thonje kwa aneba anamupatulira kapu yakeyake ya thobwa. Ena mpaka anakafukula malemu mwamuna wake, ati kodi si paja anaonda asanafe? Munthu woti anagundidwa ndi lole pamsewu waukulu anthu akuona!

Elina anakamupeza Filimoni akupopa tayala la njinga yake.

"Iwe, makutu akowo ndi omvera kapena ndi opachikapo chipewa?"

"Achemwali, ine ndinangouza alamu anu kuti azikupemphererani."

"Mapemphero ake a pamjigo?"

"Koma dokotala ananena yekha kuti pozitivu."

"Pozitivu wa bere, chitsiru iwe! Wa timakutu ta khansa!"

Filimoni anasiya kupopa. "Bere lili ndi makutu, achemwali?"

Elina akanakhala ndi mphamvu m'dzanja lakumanzere, pampuyo ikanathera pamsana pa munthu. Anangolavula n'kubwerera. Anatsimikiza kuti pamsonkhano wa amayi a Chigwirizano adzaimirira, adzamasule bulauzi ngati kuli kofunika, aonetse chipsera, aliyense amve kuti iye kachilomboko alibe. Dzina lake analisunga chifere mwamuna, osati lidzathere m'kamwa mwa Filimoni.

Kutatsala tsiku limodzi kuti msonkhanowo uchitike, masana, akuswa nshawa pakhonde, anafika Caroline, mayi wachitsikana wa kuseri kwa tchalitchi, woimba mokweza m'kwaya. Anakhala pansi n'kuyamba kuswa nawo osapemphedwa. Manja ake anali ngati timitengo.

"Amake Prisca, ndamva."

"Wamva chiyani? Nawenso wabwera kudzandiyeza bokosi?"

"Ayi." Caroline anayang'ana m'lichero. "Ine ndi zomwezo. Palibe akudziwa, ngakhale amayi. Mankhwala ndinasiya nthawi ya dzinja, chifukwa ku kiliniki kwathu kuno ukangokhala pabenchi ija, madzulo mudzi wadziwa. Koma nditaona inu mukuyenda mutu uli m'mwamba, mukutukwana anthu pamjigo ngati kale, ndinati kani munthu sufa ndi manyazi. Mukamapita ku Katete munditenge. Ndekha sindingathe."

Elina anatsegula pakamwa. Nkhani yonse ya timakutu inali pa lilime, yokonzeka. Anayang'ananso manja aja, n'kuimeza.

"Unasiya mankhwala? Uli ndi ana atatu, n'kusiya mankhwala chifukwa cha benchi? Mutu wako ukuyenda?"

Caroline anaseka misozi ikutsika.

Caroline atapita, Elina anakankha lichero mpaka nshawa kumwazika. Taonani zimenezi! Munthu bere wataya, dzina wataya, ndiye pano asenzenso matenda a eni ake? Akaimirira mawa n'kunena kuti ndilibe, ndilibe, ngati akukana ufiti, mwana uja adzamva chiyani? Adzabwerera kuseri kwa tchalitchi n'kukafera m'nyumba chamumtima. Anatukwana Filimoni, anatukwana Chizungu chopereka dzina limodzi ku matenda awiri, anatukwananso nkhuku zimene zinathamangira nshawa.

Pamsonkhano, atatha mapemphero, amayi a mpando anati, "Amake Prisca anapempha kuti ali ndi mawu."

Elina anaimirira. Amayi onse maso pansi, makutu m'mwamba. Caroline anali kumbuyo, atagwira pakamwa ndi chitenje.

"Mawu anga ndi ochepa. Ndikumwa mapiritsi tsiku lililonse, ndipo sindisiya. Dzina la matenda anga ndi la ine ndi dokotala wanga. Lolemba ndikupita ku Katete kukatenga ena. Amene ali ndi mankhwala ake okatenga, kaya a shuga, kaya a chiyani, andipeze pa siteji m'mawa, tikwere limodzi. Ndipo wondipatulira kapu uja aisunge bwino, tsiku lina adzamweramo yekha."

Anakhala pansi mtima ukuwira. Wina anayambitsa nyimbo molakwika.

Lolemba anapeza Caroline ali kale pa siteji, atabisala kuseri kwa matumba a makala. Patali pang'ono panaimanso mayi wina wa Chigwirizano, wamkulu ndithu, akunamizira kuwerenga zikwangwani za mabasi.

"Ndiye mwaimiranji ngati akuba?" anakalipa Elina. "Bwerani kuno, minibasi ikudzaza. Ndipo pawindo ndikhala ine, mapiritsi angawa amanditenthetsa thupi."