Lole ya Maliro Itakana Giya

Lole ya Mahmudu inasankha tsiku loipa. Inali itanyamula thupi la mayi ake kuchokera kuchipatala ku Balaka, pomwe ku Nsanama manda anali atakumba kale, ndipo ashehe anali atanenetsa pafoni kuti dzuwa lisalowe asanaike. Ndiye atangotuluka m'tauni, kilatchi inangoti fwaa mpaka pansi ngati waponda papaya lakupsa. Giya n'kukaniratu. Koma zinthu zake!

Makaniko wapafupi anali mmodzi yekha, Emmanuel wa patsinde pa mango. Mahmudu atamva dzinalo mutu unatentha. Emmanuel ameneyu ndi amene anakwatira Salima, mlongo wa Mahmudu, Mahmuduyo atakana kwamtuwagalu kuti Mkatolika asaponde pakhomo pawo. Chikwatiranireni awiriwo, amunawa sanapatsanepo moni. Ngakhale lero Salima anatsogola yekha pa minibasi, mwamuna wake n'kutsala, poti pakhomo pokanidwa salowapo chisawawa.

Mahmudu asanaganize n'chochita chomwe, Emmanuel, atamva kuti lole yafera panjira, anatulukira yekha, sipanala m'thumba, botolo la mafuta a buleki m'khwapa. Anavula chipewa, n'kunjuta moyang'ana kumbuyo kwa lole komwe azimayi ankalira, kenaka kukwawa kulowa pansi. Posakhalitsa anatuluka, n'kudzaza mafuta m'kathanki ka kilatchi.

"Mafuta amadontha polumikizira paipi, mpweya n'kulowa. Pamenepo ndamanga," anatero. "Kwerani, a Mahmudu. Ndikati popani, mupope. Ndikati gwirani, muponde osasiya, ine nditsegule kanati pansipo kuti mpweya utuluke."

Mahmudu anakwera. Anapopa, anaponda, koma kuyankha iyayi. Iye ayankhe ameneyu? Ataona kuti kwatha kanthawi, anachotsa phazi osanena kanthu. Atapondanso, fwaa!

"Mwasiya ndisanatseke, ndiye yamezanso mpweya," anatero Emmanuel ali pansi pomwepo, mawu ake osakwera n'komwe. "Kuno ndikuona zitsulo zokhazokha, phazi lanu sindikuliona. Muziyankha, chonde. Amayi akuchedwa."

Sanati mayi anu. Anati amayi. Mahmudu anagwidwa manyazi aakulu, moti anayang'ana kumbali kuti asaonane maso ndi a Bakari, amalume ake, omwe anakhala nawo kutsogoloko.

"Popani! Gwirani!"

"Ndagwira," anayankha Mahmudu.

"Siyani!"

"Ndasiya."

Abale, ntchito ili ndi eni ake. Munthu uja sanapupulume ngakhale zithunzithunzi za mitengo zinayamba kutalika. Anali atavekera kapaipi pakanati paja, mbali inayo n'kumiza m'botolo, ndiye ankangotsegula pang'ono, thovu n'kuti phwiphwiphwi, iye n'kutseka msanga. Pakatipakati ankatuluka kukawonjezera mafuta kuti kathanki kasaume, n'kukwawiranso pa phula lotentha ngati chiwaya. Mafuta anamuthonyera kumaso, iye anangopukuta ndi phewa. Mahmudu anayenda ndi amakaniko ambiri, ena omenya nyundo paliponse, koma manja odekha chotere anali asanawaonepo.

"Thovu latha. Tayesani."

Kilatchi inalimba gwa. Giya inalowa bwinobwino, a Bakari n'kuti, "Alhamdulillah!"

"Ndikwera kumbuyo ndi botololi, mwina ingavutenso," anatero Emmanuel. "Ndikatsikira pamsika, musadandaule."

Sinavutenso. Ndipo pamsika pa Nsanama Mahmudu sanaime.

Azimayi anasambitsa thupi, ashehe n'kuliswalira pemphero la maliro, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Amuna ananyamula jeneza, chonyamulira maliro, kulowera kumanda, akulandirana mapewa monga mwa mwambo. Emmanuel ankatsatira patali payekha, ovolosi ili noninoni, osadziwa ngati akuloledwa.

Mahmudu, yemwe anagwira kutsogolo, anacheuka. Anapereka malo ake kwa wina, n'kubwerera m'mbuyo anthu onse akuona. Anamugwira Emmanuel pamkono, kumukoka kudutsa naye pakati pa chigulu, mpaka pamalo paja.

Emmanuel anapukuta manja pa ovolosi, n'kuika phewa. Ananyamula apongozi ake mpaka kumanda, misozi ili chuchuchu.