Bolodi Lotuwa la Mai Matiki

"Ine ndaonetsapo zithunzi pamaso pa nduna ziwiri," anatero a Cuthbert. "Za sikirini musandiphunzitse."

Ndinawamva ndili kuseri kwa mpanda, ndikuyanika zovala. Ndinkadziwa kuti m'boma ntchito yawo pamisonkhano inali yolemba mayina a anthu obwera, koma mwina ndunazo zinkadutsa chapafupi.

Linali Lachisanu. Mawa lake kunali kuvundukula chiliza cha achimwene awo, malemu a Henderson Matiki, aneba athu kuno ku Zakazaka. Kate, mwana wa malemu, anali atabwereka pulojekita kuntchito kwake ku Blantyre, yoti aibweze Lamulungu. M'foni mwake munali vidiyo ya mphindi zinayi ya pa chinkhoswe chake, yokhayo imene bambo ake ankaonekamo akuyankhula. Mai Matiki, mkazi wa malemu, maso awo anali atachita ng'ala, pafoni sankaona kanthu, ndipo mwezi ndi mwezi mdimawo unkawonjezereka.

"Ndiwaoneko kamodzi, nkhope ili yaikulu," ankatero. "Basi."

Kate anaitana Che Shamsu, wolemba zikwangwani kumsika, kuti apente bolodi la pulayi loonetserapo. Anabwera ndi chitini cha penti yonga phulusa.

"Pabalaza panu pali mawindo atatu," anafotokoza. "Choyera chimabweza kuwala kulikonse, kwa makina ndi kwa dzuwa komwe. Chotuwa chimasungako mdima, nkhope n'kuoneka."

A Cuthbert anaseka, akuyang'ana azimayi amene ankadula kabichi pabwalo.

"Penti ya m'chimbudzi cha kundende pa mwambo wa achimwene anga? Bwererani muzikalemba mitengo ya chipisi."

Anakankha chitinicho ndi nsapato, chinagwa. Che Shamsu anachitola n'kutuluka pageti. Madzulo a Cuthbert anapenta okha bolodilo ndi penti yamafuta, yoyera mbee, yonyezimira ngati mbale yatsopano. Jekete sanavule.

Loweruka tinachoka kumanda dzuwa lili pamutu. Magetsi kwathu amayenera kuzima 2 koloko, ndipo pozima sachedwa ngakhale mphindi imodzi. Itatsala pang'ono 1 koloko, azimayi anadzaza pabalaza atakhala pansi, azibambo ali kunja akusuzumira. Kutseka mawindo kunali kosatheka: Okutobala, anthu makumi anayi, komanso mphumu ya mai Matiki.

Kate anayatsa. Mawu a malemu anamveka bwinobwino, akuthokoza akuchimuna. Pabolodi panaoneka mawindo atatu aja, ndi chinthu chothobwa m'maso pakati. Pansi pake pamayenda kolala yoyera yopanda mutu.

Mai Matiki anasendera kutsogolo mpaka maondo kugunda bolodi.

"Mawuwo ndi awo," anatero. "Nanga iwowo ali kuti?"

A Cuthbert anayamba kupotokola diso la pulojekita uku ndi uku.

"Makina a masiku ano," anatero. "A m'boma sankatere."

Kate anandigwira mkono. "Anti, chonde."

Ndinakwera kabaza wanjinga yamoto mpaka kumsika. Che Shamsu ndinawapeza akujambula chambo pakhoma la sitolo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, burashi ili m'manja.

"Ndibwera chifukwa cha mayi aja," anatero. "Koma mawu aja ananenedwa pagulu. Akabwezedwe pagulu."

Ndinavomera, ngakhale pakamwa poti pabweze mawuwo sipanali panga.

Tinafika mphindi khumi ndi zisanu zitadutsa 1 koloko. Che Shamsu anagunda penti ya a Cuthbert ndi chala, chalacho chinamatirira.

"Pamwamba pa iyi sipangagwire kanthu."

Anatulutsa bolodilo panja, kulitembenuza, n'kupala kumbuyo kwake ndi sandipepa. M'beseni anathira penti yamadzi yoyera, kenako yakuda ndi supuni ya tiyi. Supuni imodzi, kutakasa, kuyang'ana mawindo. Ina, kutakasa, kuyang'ananso. Kate ankaluma chikhadabo.

"Onjezerani yoyera," anatero a Cuthbert kumbuyo kwawo.

Che Shamsu anathira supuni yachitatu yakuda.

Anapenta ndi rola, osathamanga, mzere umodzi kulowa pang'ono mwa unzake. Atamaliza, azimayi anayi anatenga malichero n'kuyamba kukupiza. Hafu pasiti wani itakwana, Kate anagwira bolodi kuti alinyamule.

"Ayi. Kachiwiri."

"Che Shamsu, magetsi!"

"Mizere ya thabwayi ikaoneka, mayi anu aziona thabwa."

Anapentanso. Malichero anawonjezereka, anafika asanu ndi awiri. M'nyumba mai Matiki anali chikhalire pomwe paja, akuyang'ana khoma lopanda kanthu. Wina anayambitsa nyimbo, inafera pa ndime yoyamba.

Zitatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti magetsi azime, analowetsa bolodi. Che Shamsu anakana khoma loyang'anizana ndi mawindo, analiimika pakona pamene dzuwa silifika, azimayi n'kutembenuka ndi mphasa zawo. Lotuwa, losanyezimira, losakongola n'komwe.

Kate anayatsa.

Anali a Henderson. Mphumi yawo yakuda, magalasi, mpata wa m'mano, maikolofoni ataigwira kutali ngati iwaluma. Mai Matiki anapendeketsa mutu kuti aone ndi diso lakumanzere, labwinoko. Anakweza dzanja, koma sanagunde bolodi.

"Ndi iwo," anatero. "Tayi yapindika. Ndinawauza tisananyamuke."

Vidiyo inaima malemu akuseka.

"Alamu," anatero mai Matiki osatembenuka. "Imirirani. Maso ndiwo andithawa, koma dzulo makutu anamva zonse."

A Cuthbert anaimirira, anakonza jekete, n'kupita kutsogolo monga munthu wozolowera misonkhano. Anaima m'kuwala kwa pulojekita, chibwano cha achimwene awo chili pachifuwa pawo.

"Dzulo panali kusiyana maganizo pang'ono pa nkhani ya luso..."

"Alamu."

A Cuthbert anatembenukira kukhomo. "Che Shamsu, ndinakunyozani. Ndinalakwa. Pepani."

"Kunja kuno sitinamve!" anafuula bambo wina pawindo.

A Cuthbert anabwereza mokweza, mpaka azimayi otsuka mbale kuseri anasiya kaye. Che Shamsu, ali pakhomo ndi beseni lawo, anagwedeza mutu kamodzi.

"Zatha, bambo."

"Kate, zatsala mphindi zingati?" anafunsa mai Matiki.

"Zisanu, amayi."

"Bwereza. Alamu, chokanipo apo, mukuwatchinga."