Mawu Amene Damar Sanalembe

"Tsekani chinthucho," anatero Baskoro. "Pano pali maliro."

Ratri sanatseke. Anangoitembenuza laputopuyo pang'ono kuti isayang'ane kukhomo, n'kuponya maso kwa Wening, mkazi wa malemu. Wening sanadzutse mutu. Anali pamkeka, akupinda timabokosi ta mapepala toikamo mpunga wa anthu odzapemphera madzulo. Linali tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirire Damar, ndipo timabokosito timafunika makumi asanu ndi atatu.

Baskoro ndiye mkulu wake wa Damar. Amayendetsa chigalimoto cha malasha kumgodi ku Kalimantan, kutsidya la nyanja, ndipo kuno ku Malang amangobwera mwa apo ndi apo. Damar anagwa m'bafa Lachinayi m'mawa, mtsempha wa m'mutu utaphulika, ndipo pofika masana tinali titamuika kale, monga timachitira. Baskoro anafika Loweruka, dothi la pamanda litayamba kuuma.

Kuchedwaku sikunali koyamba, ndipo apa m'pamene panagona nkhani. Zaka zinayi zapitazo bambo awo anadwala miyezi isanu ndi inayi. Wowatembenuza, wowasambitsa, wowapukuta anali Damar. Baskoro ankatumiza ya mankhwala mwezi ndi mwezi, akumati ndibwera mwezi wamawa. Anabweradi, koma bambo atagona kale m'manda masiku awiri. Tsiku limenelo anatambasula dzanja kuti apereke moni, Damar n'kungoliyang'ana dzanjalo, n'kulowa m'nyumba. Chiyambire pamenepo abale awiriwa sanalankhulanenso, ngakhale tsiku la Idi lomwe anthu amakhululukirana.

Ndiye pamaliro sipasowa wapakamwa. Msuweni wina anamunong'oneza Baskoro kuti gemu ya pakompyuta imene Damar wakhala akupanga zaka zitatu ndi ya mwana amene anathawa bambo ake ali pamphasa. Baskoro ndi wamtima wapachala, tonse timamudziwa. Masiku anayi anangoyenda nazo m'mimba, ndipo Ratri atalowa ndi laputopu m'manja, zinaphulika.

Ratri anali mnzake wa Damar wa ntchito. Awiriwo ankapanga magemu m'kachipinda ka lendi pamwamba pa malo ochapitsira zovala. Damar ankaganiza nkhani ndi malamulo ake, Ratri n'kumalemba zoti kompyuta imve.

"Sindinabwere kudzasewera, achimwene," anatero Ratri. "Ndabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba, gemuyi imayenera kutuluka mwezi wamawa, ndipo sindingaitulutse banja lisanavomere. Chachiwiri, chakumapeto kuli malo amodzi pomwe mawu akusowa. Ndimati mwina Wening anaona pomwe Damar anawalemba."

"Yankho la choyambacho ndi ayi. Chachiwiricho chafera pomwepo."

"Alamu," Wening analankhula asanasiye kupinda, "mwaionapo gemuyo?"

"Kodi munthu amachita kulawa ndowe kuti adziwe kuti ndi ndowe? Ndamva zonse. Mwana wothawa bambo ake. Anandinyoza ndi maso ali moyo, tsopano azindinyoza ali m'manda, ana a sukulu akundiseka pamafoni dziko lonse lino? Ifufutidwe. Lero lomwe, anthu asanabwere."

"Ngakhale muswe laputopuyi, gemuyo inasungidwanso kwina," anatero Ratri. "Sindikubisirani. Koma banja likati ifufutidwe, ndifufuta konseko. Sindibera maliro ine."

Amayi a Damar ndi Baskoro, a Sumirah, anali ataima pakhomo la kukhitchini, mpeni wa anyezi uli m'manja. Maso awo anali ofiira, ndipo sanali anyezi okha. Anayang'ana mpongozi wawo, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Damar wapita," anatero. "Wanditsalira ndi uyu. Sindikufuna kutaya onse awiri sabata imodzi. Chimene anene mkulu wanu, chomwecho."

Anabwerera kukhitchini. Kunena zoona, mawu amenewo anamulasa Wening. Iye ndi Damar analibe mwana. Zovala anali atagawa kale, njinga yamoto inali yoti ipita kwa mphwake. Chinthu chokha chotsala chimene chinali ndi nzeru za mwamuna wake, nthabwala zake, ngakhale liuma lake, chinali m'laputopu imeneyo. Anaika kabokosi pansi.

"Chabwino, alamu. Mufufuta ndinu, ndi chala chanu. Koma muyambe mwasewera. N'zosakwana ola limodzi."

"Ine si mwana."

"Ngati mukuopa, nenani."

Wening ankamudziwa mlamu wake. Baskoro anakoka mpando mwaukali n'kukhala.

Ratri anamuonetsa mabatani, kenako anakakhala kumbuyo kwake, manja atapinda. "Kuyambira pano sindiyankhula," anatero. "Linali lamulo la Damar tikamayesa gemu pa munthu. Ankati wopanga gemu akangotsegula pakamwa kuti afotokoze, ndiye kuti gemuyo yalephera."

Baskoro ankayembekezera kuona kamunthu kofanana ndi Damar, kachifundo, kakusambitsa nkhalamba. Pasikirini panangotuluka mizere itatu. Ndiwe mwana wamkulu. Bambo ako akudwala kutali. Ukasiya ntchito, mankhwala atha.

Anawerenga kawiri. Kenako panaoneka chigalimoto chachikasu pansi pa dzenje la mgodi. Anadina batani loyendetsera, chigalimoto osasuntha. Anadinanso mwamphamvu.

"Chinthu chanu chafa ichi."

Baskoro anafwenthera, ndipo chala chake, mwachizolowezi chabe, chinakagunda batani la hutala kawiri. Chigalimoto chinanyamuka. Baskoro anauma pampando. Kumgodi ndi lamulo limenelo: kamodzi poliza injini, kawiri popita kutsogolo, katatu pobwerera m'mbuyo. Iye sanamuuzepo Damar zimenezo. Akanamuuza liti?

Pakona pa sikirini panali kabotolo ka mankhwala. Akafikitsa malasha pamwamba, kabotolo kankadzaza pang'ono. Tsiku likatha, kankatsika. Ali pakati pa chitunda, foni inayamba kulira. Kuti ayankhe ankayenera kuimitsa galimoto, ndipo akaimitsa, kapitawo ankamudula ulendo umodzi. Ulendo woyamba anayankha. Anali mng'ono wa m'gemumo: Lero adya masipuni atatu. Ulendo wachiwiri anayankhanso: Lero amafunsa za inu. Kabotolo kanali katatsika kufika pakati.

Ulendo wachitatu foni inalira, inalira, iye osayankha. Khosi lake linali litanyowa thukuta ngakhale fani inkazungulira.

Anapita kwa kapitawo kukapempha tchuthi. Kapitawo anati dikira masabata awiri, wolowa m'malo mwako sanabwere. Panali batani loti angonyamuka osatsanzika. Baskoro anaika chala pamenepo nthawi yaitali, akuyang'ana kabotolo. Anachotsa chalacho, n'kubwerera kuchigalimoto. Kukhitchini mafuta ankalira, akukazinga tempe, chakudya cha soya, ndipo Wening anali atasiyiratu kupinda.

Masabata awiri asanakwane, foni inalira. Panalibe zosankha, inangodziyankha yokha. Bwerani. Atisiya.

Baskoro anamenya tebulo, makapu a tiyi n'kudumpha.

"Msampha uwu. Ndikanadina lonyamuka lija bwenzi nditawapeza?"

Ratri anaphwanya lamulo. "Mukanawapeza. Koma mankhwala akanatha, ndipo akanapita msanga, inu mukuona."

"Ndiye njira yopambana ndi iti?"

"Palibe."

"Gemu yanji yopanda kupambana? Zaka zitatu kupanga chinthu chozunzira anthu?"

"Tinayesa pa anthu makumi asanu ndi awiri, achimwene. Ana a sukulu, amayi a pamsika, mpaka shehe wina. Asanu okha ndi amene ananyamuka. Ena onsewo anachita zimene mwachita inuzi, ndipo ambiri anatukwana ngati inu nomwe."

Ratri anasendeza mpando wake pafupi.

"Msuweni wanuyo sananame kwenikweni. Chaka choyamba gemuyi inali ina. Wosewera ankakhala mwana wamng'ono. Kabotolo komweka, foni yomweyi, masiku omwewa, palibe lamulo limene tinasintha. Koma iwe unkakhala pambali pa bedi, ukuimbira mkulu wako, iye osayankha. Anthu akamaliza ankachita kumulavulira mkuluyo. Mtsikana wina anati ndi galu. Tsiku limenelo Damar anatigulira tonse chakudya chamasana, akuseka ngati wawina mpikisano."

"Mwaona? Ndimanena ine."

"Dikirani kaye. Patatha sabata ndinamupeza akukanganula makadi onse pakhoma, makadi amene ankalembapo zochitika za m'nkhani. Ntchito ya chaka chathunthu. Ndinakalipa ine, ndinamuuza kuti wapenga. Anati, Ratri, ndapanga khoti, osati gemu, ndipo woweruza ndi ine ndemwe. Anati batani ndi batani basi, chimene chimapweteka munthu n'chakuti iye ndi ndani pamene akulidina. Anatenga khadi latsopano n'kulemba mzere woyamba uja mwawerenga."

"Miyezi inayi ankaimbira madalaivala a kumigodi," anatero Wening motsitsa. "Ankawafunsa za mahutala, za makapitawo, za tchuthi. Ndinamuuza kangapo kuti, bambo, nambala ya mkulu wanu muli nayo, bwanji osangofunsa iwowo? Ankati ndimalize kaye gemuyi. Liuma lake mukulidziwa. Ndi la kwanu konko."

Baskoro anapukuta nkhope ndi chikhatho. Mkwiyo unali usanamuthere, koma tsopano sankadziwa woti amukwiyire, ndipo zimenezo n'zowawa kuposa mkwiyo weniweniwo.

"Kwatsala pang'ono," anatero Ratri. "Pomwe ndimanena paja."

Baskoro anabwerera ku mabatani. Kamunthu kake kanatsika m'basi, chikwama kumsana, n'kulowa m'kanjira kopanikizika. Pakhomo panali tenti ndi mipando yosanjikiza. M'nyumba anthu anali atakhala pamkeka mothithikana, popanda ndi poponda pomwe. Pakati pawo panali mng'ono uja, mutu uli pansi. Baskoro anayendetsa kamunthu kake mpaka kanaima patsogolo pake. Pamwamba pa mutu wa mng'onoyo panatseguka kabokosi koyera ka mawu. Munalibe kanthu.

"Ndi pamenepa," anatero Ratri. "Damar analembapo mawu kambirimbiri, n'kumafufuta. Ena anali achipongwe, ena okoma kwambiri moti iye mwini ankati ndi bodza. Ine ndikafika apa ndimangodina kuti ndidutse, gemu n'kuthera pomwepo. Oyesa onse amadinanso, amaona ngati chawonongeka. Dinani batani lalikululo."

Baskoro sanadine. Si kuti ankadziwa kanthu ayi. Manja ake anali atagwera pamaondo, ndipo ankangoyang'ana kabokosi kopanda kanthuko monga anayang'anira chitseko tsiku lija Damar analowa m'nyumba osamupatsa moni. Panja wina ankatsitsa mipando m'galimoto. A Sumirah anali atabwereranso pakhomo la kukhitchini, palibe amene anawamva akubwera.

Panapita mwina theka la mphindi. Kenako kabokosi kaja kanazimirira kokha. Kamng'ono ka pasikirini kanadzutsa mutu. Kanagwira mkeka ndi dzanja limodzi, n'kudzikoka chammbali, kukankha pang'ono munthu amene anali pafupi nako. Pamkeka panatsala mpata wokwana munthu mmodzi.

Ratri anaimirira. "Ichi sindinachionepo," anatero. "Damar anachiika yekha, osandiuza. Sichibwera ukadina. Chimafuna munthu adikire."

Wening anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Kamng'ono kaja kanangokhala, osalankhula, dzanja lili pa mpata uja.

"Musalembepo kanthu pamenepo," anatero Baskoro. "Muitulutse momwe ililimu."

Anakweza manja ake akuluakulu pa mabatani, n'kuwayang'ana ngati akuwaona koyamba.

"Alamu," anatero, "batani lokhalira pansi ndi liti?"