Dzina la pa Chiliza cha Agogo

Ntchito yanga ndi ya mapepala. Pa boda ya Mchinji ndimathandiza madalaivala a mathiraki kuombola katundu, ndipo nambala ikaphonya pa fomu ndimaiona ngakhale maso ali ndi tulo. N'chifukwa chake banja litagwirizana zomanga chiliza cha agogo anga, a Eneya Kwenda, omwe anali bambo awo a mayi anga, za madeti anandisiyira ine.

"Iwe Vitus ndiwe wa makompyuta," anatero amayi. Ndinavomera ndi matama ndithu.

Tsiku lomwalira tonse tinkalidziwa, linali mu Juni 2001. Chaka chobadwa ndiye aliyense ankatchula chake. A Fletcher, ozokota miyala ku boma, anandipatsa mpaka Lachisanu, ndipo anandichenjeza kuti mwala ukazokotedwa sufufutika.

Ndinaika mu laputopu pulogalamu yolembera mibadwo ya banja. Umangolowetsa dzina, makolo ndi madeti, iyo n'kumalumikiza nthambi yokha, ndipo ukalemba zosatheka imakuyatsira chizindikiro chofiira. Lachitatu m'mawa ndinaiberekera ku parishi yathu yakale kufupi ndi Kachebere.

Mlembi wa pa parishi, a Luwiza, anandiuza kuti mabuku akale anadyedwa ndi chiswe, koma mwamwayi anali atajambulidwa kale pa timafilimu tating'ono totchedwa mayikulofilimu. Kafilimuko umakakoleka pa makina a galasi lowala n'kumapukusa, masamba n'kumadutsa.

"Musayambire ku tsamba loyamba, achimwene, mukalambira pompano," anatero. "Pezani ubatizo wa mayi anu. Pamenepo pali nambala ya ukwati wa makolo awo, ndiye ukwatiwo ukulozerani ku ubatizo wa agogo."

Zinayendadi. Ola lisanathe ndinali nditapeza amayi, Veronika, wobadwa mu 1952. Ndinapeza ukwati wa Eneya ndi Anasi, kenako Eneyayo, wobadwa mu 1926. Ndinapezanso mng'ono wake wobadwa mu 1930 yemwe sindinamumvepo, dzina lake Vitus. Ndinaseka kuti kani dzina langali ndi la m'nyumba momwemo. Ndinayamba kulongedza.

"Kamtanda ako mwakaona?" anafunsa a Luwiza, akuloza pambali pa dzina la Eneya. "Kameneko kamatanthauza kuti munthuyo alinso m'buku la omwalira."

"Buku la 2001?"

"Mafilimu athu amathera mu 1960."

Anakoleka kafilimu kena. Ndinapukusa mpaka ndinafika pa mzere wolembedwa ndi inki yakuda bii: Eneya Kwenda, wamwalira pa 14 Malichi 1953, waikidwa tsiku lotsatira.

Ndinati ndi Eneya wina basi, mayina amafanana. Ndinamulowetsa ngati munthu wapadera, koma pulogalamu inayatsa chofiira chija. Makolo omwewo, mkazi yemweyo, nambala ya ubatizo yomweyo. Inandifunsa ngati anthu awiriwa si munthu mmodzi. Nditavomera, inakananso, poti munthu mmodzi safa kawiri. Ndinayamba kunyoza mlembi wa nthawi imeneyo kuti ankalemba ataledzera. A Luwiza anangokuza tsambalo, ndipo pansi pa mzere uja panaoneka timalemba tina ta dzanja lina: Mkazi wake walowedwa chokolo ndi mng'ono wa malemu, Vitus, amene abale amupatsanso dzina la malemu. Aletsedwa kulandira ukalisitiya.

Ndinawerenga katatu. Agogo amene ankandinyamula pa njinga kupita nane ku msika, amene ndinathira nawo dothi pa bokosi lawo, sanali a Eneya. A Eneya anagona m'manda amayi anga ali kumsana. Ndinakumbuka kuti ku tchalitchi agogo ankakhala benchi ya kumbuyo ndipo sankadzuka nthawi ya ukalisitiya. Ife tinkati ndi mawondo.

Ndinayang'ana pa laputopu. Nthambi ya Vitus inalibe mkazi, inalibe mwana, inalibe imfa. Pulogalamu inamuwerengera kuti ali moyo ndipo ali ndi zaka 93.

Panjira ndinalimbana nazo. Ndikanatha kungotumiza kwa a Fletcher kuti Eneya Kwenda, 1926 mpaka 2001, ndipo palibe akanafunsa. Koma ine ndine uja ndimabweza fomu chifukwa cha nambala imodzi. Komanso ndani ali ndi mtima wouza mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri kuti bambo amene akuwamangira chiliza sanawabereke?

Ndinawapeza amayi pa khonde akuswa mtedza. Ndinazungulirazungulira, za mvula, za mitengo ya simenti, mpaka anandidula.

"Iwe, wapeza chaka kapena sunapeze?"

Ndinawaonetsa chithunzi cha tsamba lija pa foni, ndi kuwawerengera pang'onopang'ono. Lichero linapendekeka, mtedza n'kumwazika pansi, ndipo nkhuku zitathamangira sanazipirikitse.

"Werenganso."

Ndinawerenganso.

"Mayo ine," anatero motsitsa. "Ndiye amayi anga anapita nazo kumanda? Azakhali onse aja, tsiku lililonse a Eneya, a Eneya, akudziwa?"

Misozi inkangowatsika, osaipukuta. Ndinkaopa kuti akwiya, anena kuti chiliza chisamangidwenso. Koma anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Tsiku limene unabadwa, bambo ako anali atakonza dzina lina. Ababa anabwera ku chipatala wapansi. Munthu wosapemphapo kanthu moyo wake wonse anagwira chipewa m'manja n'kunena kuti, 'Mwanayu mundipatseko ndimutche ine.' Titafunsa kuti Vitus ndi ndani, anati ndi dzina chabe, limawakomera."

Agogo anali ndi chizolowezi chimene chinkanditopetsa ndili mwana. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kukuwa kuti, "Vitus!" Ndikasiya mpira n'kuthamanga, ankangomwetulira. "Palibe kanthu, pita ukasewere." Pena katatu pa tsiku. Ine ndinkauza anzanga kuti agogo anga mutu wayamba kusokonekera.

"Nanga pa mwala tilembe chiyani, amayi? A Fletcher akudikira."

"Wondiberekayo timufunafuna pomwe anagona, naye adzaona chake," anatero akutola lichero. "Koma uyu zaka zonse zija palibe anamuitanapo dzina lake, ankachita kudziitana yekha. Imba foniyo."

Ndinaimba n'kunena kuti pa mwala alembe Vitus Kwenda. A Fletcher anandiuza kuti nditchule dzinalo chilembo chimodzichimodzi kuti asalakwitse. Ndinafika pa chilembo chachitatu mawu n'kundithera, ndipo amayi analanda foni n'kumaliza okha.