Tchire la Mkamwini

A Philemon anadzuka katundu ali womanga kale. Sanali wambiri: bulangete, malaya, nkhwangwa ndi wailesi imene inasiya kulankhula kalekale. Tsikulo linali la kusudzulidwa. Akazi awo, a Dailesi, anamwalira dzinja lapitalo, mwambo wa kumeta unachitika, ndipo tsopano abale a malemuwo amayenera kuwamasula kuti abwerere kwawo ku Mlolo.

Koma kwawo kwake kuti? Anachokako tsitsi lili bii, kudzakhala pachikamwini kuno ku Zingalume, ndipo onse amene ankawadziwa kumeneko anatsikira kulichete. Mwana woti awagwire mwendo pamudzi pano analibe. Tinene mosabisa, bamboyu sankafuna kupita, ndipo mtima unkamuwawa.

Anazungulira kuseri kwa nyumba kukatsanzika tchire lawo. Tchire limeneli lili ndi mbiri yake. Pobwera kuchikamwini, amalume awo anawalangiza kuti asabzale mtengo pamalo a eni, chifukwa tsiku lochoka sadzausenza pamutu. A Philemon anamvera, koma anamvera mochenjera. Sanabzale mango kapena lalanje. Iwo ankangothira madzi m'phale kuseriko. Apumbwa ndi njiwa zinkabwera kudzamwa n'kusiya zitosi, ndipo m'zitosimo munkamera zinthu. Kamtengo kakatuluka, ankakazikira chikhomo pambali kuti khasu lisakadule, n'kukatchingira ndi minga poopa mbuzi.

"Mwabzalanso chiyani apa?" a Dailesi ankafunsa atagwira m'chiuno.

"Ine? Kafunseni mbalame," ankayankha nkhope ili gwaa.

Umu ndi mmene munakulira mpoza, mthudza, mtowo ndi mkuyu. Pansi pake chisoso, denje ndi chewe ankazisiya kuti zichite maluwa, a Dailesi akathyolako zandiwo. Agulugufe ankachita kuwirira pamatope a m'mbali mwa phale. Njuchi nazo zinadzilowera zokha mumng'oma umene anaupachika mumkuyu, popanda wozitumira uthenga.

Amene tchireli linkamunyansa anali mlamu wawo Bernado, mlongo wa a Dailesi, yemwenso anali mwini mbumba. Munthuyu akaona udzu pabwalo, thupi limamuyabwa. "Anzathu akusesa pakhomo mpaka mbee, alamu athu akuweta njoka," ankatero pamowa. Masiku amenewa kunkamveka kuti mkamwini akangochoka, Bernado agwetsa zonse n'kubzalapo soya.

Dzuwa litakwera, abale anayala mphasa pabwalo. Amuna anakhala uku, amayi uko, a Philemon pakati ngati nkhuku ya pamsika. Bernado anatsokomola n'kuyamba.

"Alamu, mwatisungira mlongo wathu bwino. Simunamumenyepo, simunamugonekepo ndi njala. Mlandu ndi inu tilibe. Lero takumasulani. Mukafuna kukwatira, kwatirani. Njira ya kwanu ndi yoyera."

A Philemon anawomba m'manja mwaulemu.

"Ndamva, alamu, ndipo ndathokoza. Pempho langa ndi limodzi. Mitengo ili kuseriyo si yanga, sindinabzale ndine. Koma musaigwetse tsopano. Mpoza wayamba maluwa, ndipo mumthudza muli chisa cha njiwa, ana sanamere nthenga. Dikirani ziuluke. Njuchi nazo musazitenthe, muitane wodziwa adzazisamutse."

Anthu ankayembekeza kuti apempha njinga kapena mbuzi, osati kudandaulira ana a njiwa. Wina kumbali ya amuna anaseka pang'ono, koma anadzigwira ataona kuti akuseka yekha.

Apo m'pamene Ebelesi, mng'ono wa a Dailesi, anakonza chitenje chake n'kusendera kutsogolo. Mayiyu salankhula kawirikawiri, koma akatsegula pakamwa ngakhale agalu amakhala pansi.

"Alongo," anatero akuyang'ana Bernado, "chaka chija tinapopera thonje mankhwala, njuchi n'kutha mudzi wonse, maungu anabereka kwa yani?"

Bernado anayang'ana kumbali.

"Anabereka kwa ife oyandikana ndi tchireli. Kwa enawo maluwa ankangoyoyoka. Inu amene munabwera ndi dengu kudzapempha, mwaiwala? Nanga akulu anga atasiya kuyenda, ankapempha chiyani? Ankati mphasa yanga kayaleni kuseri, ndikaone agulugufe. Ankawabereka kumsana kupita nawo kumeneko ndani? Inu kapena bambo awa?"

"Uchi ndimadya nawo, sindikukana," Bernado anang'ung'udza akukanda m'mutu. "Koma mwambo ndi mwambo, mlongo wanga."

"Mwambo mwautsata, ndipo mwautsata bwino. Wathera pomwepo. Tsopano mverani za ife eni nthaka, chifukwa amayi tonse tinakhala pansi dzulo." Anatembenukira kwa a Philemon, mawu ake n'kufewa. "Bambo, ulamu watha lero, zimenezo ndi zoona. Kuyambira lero ndinu mlongo wathu. Nyumbayi ndi yanu, kuseriko ndi kwanu. Tsiku lanu likadzakwana, sitidzakukwezani pangolo kupita nanu ku Mlolo. Tidzakuikani konkuno, pafupi ndi akulu anga."

Amayi onse anavomera pamodzi kuti eya. Bernado anayang'ana mbumba yake mmodzimmodzi, kufuna wina womuthandiza, koma sanampeze. Anapumira m'mwamba, ndipo kunena zoona, nkhope yake inaoneka ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Chimwemwe chinawadzaza a Philemon. Anachoka pamphasa n'kugwada pafumbi pamaso pa amayiwo, munthu wa imvi zake, akuwomba m'manja, misozi ili chuchuchu kutsikira m'ndevu. Anawomba, nawombabe, osadziwa polekera.

Bernado ndiye anaimirira n'kuwagwira pamkono.

"Dzukani, achimwene," anatero, mawu ali osasa. "Mutiliza tonse pano."

Chifikireni a Philemon pamudzipo, Bernado anali asanawaitanepo choncho.