Masamba a Pamwamba pa Ndowa

Lachiwiri pa 12 February 2002, Alinafe, mwana wa zaka zisanu wa Esitele ndi Lameki, anagonekedwa mu tenti ya odwala kolera pachipatala china cha ku Mkanda. Anafika pa njinga, atamangidwa ndi chitenje kumsana kwa bambo ake, maso atalowa m'kati. Sabata yomweyo, pa esiteti ya fodya pomwe banjali linali matenanti, anali ataika kale mwana wa khomo loyandikana nalo.

Esitele anakhala pa benchi kunja kwa tenti, khanda lake Madalitso lili pamiyendo. Namwino akangotuluka, iye ankaganiza kuti akubwera kudzamuuza zoipa. Ankayang'ananso khandalo pafupipafupi, kuligwira thewera.

Mayi Enifa Zulu, mlangizi wa zaumoyo wa deralo, anakhala pambali pake.

"Mumamwa madzi a kuti, amake Alinafe?"

"A pamjigo," anayankha Esitele. "Chitsime cha kudambo ndinachisiya chaka chatha mutatiuza inu nomwe. Ndimachidutsa ndi ndowa, anzanga akundiseka kuti ndikudziyesa mzungu. Lero wagona umu ndi wanga. Nanga madzi abwino ndi ati?"

"Pali munthu apa," anatero Lameki ndi mawu otsika. "Mwana akachira tibwerere kwathu ku Mulanje. Fodya atsale."

"Musanaloze munthu chala, bambo, ndiloleni mawa ndikatunge nawo madzi," anatero Mayi Zulu.

M'mawa mwake Lameki anatsala kuchipatala. Pamjigo, Esitele anatsuka ndowa m'kati ndi kunja, napopa mpaka madzi kulekeza m'milomo. Kenako, monga ankachitira tsiku lililonse, anapita patchire la kuseri kwa zigafa zoyanikamo fodya, nathyola tinthambi ta masamba. Ali pafupi kutiponya pamwamba pa madzi, Mayi Zulu anamugwira mkono.

"Masambawa ndi a chiyani?"

"Kuti madzi asamatayike poyenda. Tonse timatero."

"Tiyeni tikaone pomwe mwathyola."

Sanapite patali. Fungo linawalandira, ntchentche zili ng'waa. Pa esitetiyo panalibe chimbudzi cha matenanti, ndipo akulu ndi ana omwe ankadzithandiza patchire lomwelo. Mvula ya usiku inali itamwaza matope ndi zonyansa pamasamba onse a m'munsi, omwe dzanja la munthu limayamba kufikira.

Esitele anayang'ana tinthambi tinali m'manja mwake, n'kutitaya pansi.

"Dzulo ndinamumwetsa Madalitso madzi a mumtsuko," ananong'ona.

"Muzimuyamwitsa, ndipo akangoyamba kutsegula m'mimba muthamangire naye kuchipatala osadikira," anatero Mayi Zulu. "Sindinganene motsimikiza kuti Alinafe wadwala chifukwa cha masambawa, pakuti kolera amafalanso kudzera m'manja osasamba ndi m'chakudya. Koma ichi ndiye chachidziwikire: madzi amatuluka pamjigo ali abwino, n'kufika kunyumba ataipa."

Amayi ena anali atasonkhana pamjigo. Anasi, mayi wachikulire wolongolola, anaseka.

"Amayi anga ankaika masamba pamtsuko moyo wawo wonse, anamwalira mano atatha m'kamwa."

"Amayi anuwo sankathyola masamba pomwe esiteti yonse imadzithandizira," anayankha Mayi Zulu. Palibe anasekanso.

Anawauza zoyenera kuchita. Ndowa ikhale ndi chivundikiro, ndipo ngati palibe, asaidzazitse. Chigubu cha kukamwa kochepa n'chabwino koposa, bola chisakhale chomwe munali mankhwala a fodya. Madzi akumwa awathire kulorini amene iye ankagawa, kapena awawiritse mpaka abwadamuke. Kapu yotungira mumtsuko ikhale ya chogwirira, ndipo munthu asamwere yomweyo.

Atafika kunyumba, Esitele anakhuthula madzi onse a mumtsuko, nautsuka ndi sopo. Tsiku limenelo anayenda maulendo ambiri kumjigo, ndowa yosadzaza ili pamutu, mbale yotsuka bwino itavundikira pamwamba.

Madalitso sanadwale. Loweruka pa 16 February Alinafe anatulutsidwa, wowonda koma akuyenda yekha, ndipo Lameki sanatchulenso za ku Mulanje. Atafika pakhomo mwanayo anapempha madzi. Esitele anasamba m'manja, anatunga ndi kapu ya chogwirira, nathira mu ina.

Phunziro lake ndi ili: kutunga pamjigo sikokwanira. Madzi atetezedwe kuyambira pompopi mpaka pakamwa, ndipo musaikemo masamba, zala kapena chilichonse cha patchire.

Mayi Zulu anakaonana ndi manijala wa esitetiyo, amene analonjeza kukumbitsa zimbudzi mwezi usanathe. Pofika pa 1 March, dzenje ngakhale limodzi linali lisanakumbidwe, ndipo mvula inali ikugwabe.